Kuyeza nkhalango ndi nthaka za kwathu: mmene ndinalowera ntchitoyi ndi zimene ndaona

Achinyamata amene ali ku Bunda kapena ku koleji ya zankhalango ku Chongoni kuno ku Dedza amakonda kundifunsa kuti munthu amayambira pati kuti afike pogwira ntchito ya mapu a zachilengedwe, komanso ngati ntchitoyo imadyetsa. Nthawi zambiri timakumana pamisonkhano, pa nthawi ya tiyi, ndiye ndimangoyankha mothamanga. Pano ndikufuna ndifotokoze mofatsa, chifukwa ine pamene ndinkayamba panalibe wondiuza.

Ndinabadwira ndi kukulira ku Bembeke. Kwathuko munda wosatsetsereka ndi wosowa. Timalima chimanga, nyemba ndi kachewere m'mbali mwa mapiri, ndipo ikagwa mvula yamphamvu mu Januwale mitsinje imafiira. Ndili mwana ndinkangoti ndi mmene madzi a dzinja amakhalira. Panalibe wonena kuti kufiirako ndi minda ya anthu ikutsikira kunyanja. Ku sekondale ndinkakonda biology, masamu ndinkangowapirira. Aphunzitsi athu a masamu, bambo wachikulire wa ku Ntcheu, anandiyitana tsiku lina nditabweza pepala losamaliza. Anati, "Mwana wanga, zomerazo uzizikonda ndithu, koma masamu usawataye. Udzawafuna kutsogoloku." Ndinawamvera chifukwa cha ulemu basi, koma lero theka la ntchito yanga ndi masamu omwewo.

Ndinapita ku Bunda pa nthawi imene inali idakali pansi pa University of Malawi, isanakhale yunivesite ya zaulimi ndi zachilengedwe ya LUANAR, ndipo ndinaphunzira za kasamalidwe ka zachilengedwe. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi ecology, phunziro la mmene zomera, nyama, nthaka, madzi ndi moto zimadalirana. Chimene chinandigwira mtima chinali nkhalango yathu yomweyi ya miombo, ya mitengo ya tsamba, mombo, mtondo ndi masuku, imene ndinkatolamo nkhuni ndi anganga anga osadziwa kuti ili ndi malamulo ake.

Ndifotokoze pang'ono za malamulowo, chifukwa ntchito yanga yonse inachokera pamenepa. Mtengo wa miombo moyo wake waukulu uli pansi. Ukadulidwa, chitsa chimaphuka, ndipo mphukirazo zimakula msanga kuposa mbande yodzala chifukwa zikuyamwa kudzera m'mizu yakale yozama. Mizuyo imakhala pa ubale ndi bowa: bowa amathandiza mtengo kupeza chakudya m'nthaka yosauka, mtengo nawo umadyetsa bowa. N'chifukwa chake bowa amene amayi amagulitsa m'mbali mwa msewu wa M1 m'dzinja amachokera m'nkhalango zachilengedwe, osati m'munda. Mbewu za mitengoyi sizipita kutali. Zikhokho zikauma m'nyengo yotentha zimathetheka, mbewu n'kugwa chapafupi ndi mtengo, ndipo sizikhalitsa m'nthaka zili zamoyo. Ndiye phiri likadulidwa koma zitsa n'kutsala, ndipo moto wa mu Seputembala ndi Okutobala n'kuletsedwa, nkhalango imabwerera yokha. Koma zitsa zikazulidwa, ndipo mitengo yobereka n'kukhala kutali, mudikira zaka zambirimbiri. Mapiri awiri akhoza kuoneka ofanana, onse ali mbee, koma lina likungofuna kulitchinjiriza ku moto ndi mbuzi, linalo likufuna mbande ndi ndalama zambiri. Kuti mudziwe kusiyana kwake muyenera kudziwa chimene chili pamalo aliwonse komanso chimene chayandikana nawo.

Ntchito yanga yoyamba inali ku bungwe lina limene linkadzala mitengo m'midzi ya m'boma lino. Tinkagawa machubu, mbewu ndi makeni, ndipo chaka chikatha tinkalemba lipoti la mitengo imene yapulumuka. Manambala a m'malipotiwo anali okongola kwambiri. Koma malo amene tinkatumidwa kukawerenga anali omwe aja ofikika pagalimoto, a m'mbali mwa msewu, kumene alendo ankaperekezedwa kukajambula zithunzi ndipo komiti ya m'mudzi inkapalira mwakhama. Ndikamapita kumudzi pa tchuthi ndinkadutsa malo ena amene tinapatsako mbande, kuseri kwa mapiri, n'kupeza maenje okhaokha. Aliyense amene anagulapo ndowa ya kachewere pa Lizulu amadziwa kuti sungaweruze ndowa yonse poona zapamwamba. Ndinakauza abwana anga kuti tisankhe malo owerengera mwa maere pa mndandanda wonse wa midzi. Anandimvetsera bwinobwino, koma anati mafuta a galimoto sangakwane ndipo opereka ndalama sanapemphe zimenezo. Zinandipweteka, chifukwa mbande zimenezo zinadzalidwa ndi amayi amene anasiya minda yawo, ndipo palibe amene ankafuna kudziwa chifukwa chake zinafa kuti chaka chotsatira zisafenso.

Kupwetekedwa mtima kumeneko ndi kumene kunanditumiza kusukulu kachiwiri. Ndinapeza thandizo la maphunziro a digiri yachiwiri ku yunivesite ina ya ku South Africa, ndipo ndinasankha spatial statistics, masamu a zinthu zoyezedwa pamalo. Miyezi yoyamba inali yowawa. Anzanga ankalemba kale mapulogalamu mu R, chiyankhulo cha pakompyuta chowerengetsera manambala, pamene ine ndinali ndisanaionepo. Ndinkakhala mu labu mpaka usiku, kubwereza chitsanzo chimodzi mpaka nditamvetsa chimene mzere uliwonse ukuchita.

Maziko a phunziroli ndi osavuta kuwamva. Mu 1970 katswiri wa geography dzina lake Waldo Tobler analemba kuti zinthu zonse n'zolumikizana, koma zoyandikana zimafanana kwambiri kuposa zotalikirana. Mlimi aliyense amadziwa zimenezi: dothi la pamzere uwu limafanana ndi la pamzere wotsatira kuposa la kutsidya kwa mtsinje. Koma zotsatira zake pa kafukufuku n'zazikulu. Mukatenga dothi malo khumi m'munda umodzi, musadzinamize kuti muli ndi maumboni khumi a dera lonse. Muli ndi umboni umodzi umene mwaubwereza kakhumi. Masamu wamba amene tinaphunzira chaka choyamba amaganiza kuti muyeso uliwonse ndi woima pawokha, ndiye mukawagwiritsa ntchito pa miyeso yoyandikana amakupatsani chitsimikizo chabodza.

Njira imene ndaigwiritsa ntchito kwambiri ndi kriging. Inayambira m'migodi ya golide ya ku Joni, komwe kuja agogo athu ambiri a ku Dedza ndi Ntcheu ankapita pa Wenela. Injiniya wina, Danie Krige, mu 1951 anafotokoza njira yoyerekezera kuchuluka kwa golide pamalo osakumbidwa pogwiritsa ntchito mabowo ochepa oyandikana nawo, ndipo Georges Matheron wa ku France anaikhazikitsa bwino m'masamu m'zaka za m'ma 1960. Mumayamba mwaona mmene miyeso yanu ikusiyanirana mtunda ukamakula: iwiri yotalikirana mamita 50 ikusiyana bwanji, ya mamita 500 bwanji, ya makilomita 5 bwanji, mpaka mutapeza mtunda umene kufanana kumathera. Mukatero mumatha kuyerekeza malo amene simunafikeko, miyeso yapafupi n'kukhala ndi mawu aakulu kuposa yakutali. Chimene ndimaikondera njirayi n'chakuti imatulutsa mapu awiri. Oyamba amaonetsa chimene mukuganiza kuti chilipo. Achiwiri amaonetsa kukula kwa chikayiko chanu pamalo aliwonse. Mabwana ambiri amafuna oyamba okha chifukwa ndi amene ali ndi mitundu yokongola. Ine sindipereka oyamba popanda achiwiri, ndipo ndakanapo ntchito chifukwa cha zimenezi. Mapu osaonetsa chikayiko amachititsa munthu kuthira ndalama pamalo amene palibe anapondapo.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza aliyense akutchula nambala imodzi. Kafukufuku amene bungwe la FAO, la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, linachita ndi boma anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya nthaka yokwana matani 29 pa hekitala iliyonse pa chaka. Nambalayi inathandiza kudzutsa anthu, ndipo ndimailemekeza. Koma ndi avereji ya dziko lonse. Mlangizi wa zaulimi amene ali ndi njinga imodzi ndi midzi makumi angapo sangaigwiritse ntchito posankha poyambira Lolemba m'mawa. Boma la Dedza lokha lili ndi phiri lotalika pafupifupi mamita 2,200, lili ndi chitsetse cha ku Golomoti, lilinso ndi chigwa chotentha cha ku Mtakataka kufupi ndi nyanja. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 830,000 m'bomali. Nambala imodzi singanene zoona za malo onsewa.

Ntchito imene inandiphunzitsa zambiri ndinaigwira ku Ntcheu, m'mapiri a Kirk Range. Anthu a kumeneko nkhani ya madzi saimva pawailesi. Mu 2018 damu la Mpira, limene limamwetsa anthu a ku Ntcheu, Balaka ndi madera ena oyandikana, linauma, mipopi n'kukhala chete. Pambuyo pake mabungwe ambiri anayamba kufuna kukonza malo amene mitsinje imayambira. Ine ndinapatsidwa dera la kamtsinje kena, midzi ingapo, ndi funso lakuti ndalama zochepa zimene zilipo zipite pati.

Ndinayambira pakompyuta. Mapu a kutalika kwa malo, amene amapezeka ulere pa intaneti, anandionetsa kutsetsereka kwa malo ndi njira zimene madzi ayenera kudzera. Zithunzi za setilaiti zinandionetsa pamene pali mitengo, minda ndi madambo. Ndinagawa deralo m'magulu, monga minda yotsetsereka kwambiri, minda yapakatikati, nkhalango ya mudzi ndi m'mbali mwa mitsinje, kenaka kompyuta inasankha madontho mwa maere m'gulu lililonse. Lamulo lake ndi limodzi: pamene dontho lagwa mpomwe mukayeze, kaya ndi pamwamba pa thanthwe, kaya ndi m'chitedze.

Koma musanaponde m'munda mwa munthu muyambe mwaonekera kwa amfumu. Izi si mwambo chabe. Kuyambira pamene malamulo atsopano a malo anakhazikitsidwa mu 2016, anthu akaona mlendo atanyamula GPS ndi zikhomo amaganiza kuti malo awo agulitsidwa. Ife tinkayamba kwa agulupu, kenaka kwa nyakwawa iliyonse, titatsagana ndi alangizi a m'deralo amene anthu amawadziwa. Ndinkatulutsa zida zonse n'kuziyala pamphasa: GPS, tepi, chingwe, chobowolera dothi, timatumba. Ndinkalola aliyense kuzigwira. Amfumu ena anandifunsa mosabisa kuti, "Mayi, dothi lathuli mukupita nalo kuti, ndipo mudzabwera nalo chiyani?" Ndinawalonjeza kuti zotsatira zidzabwera pabwalo lomwelo, ndipo lonjezo limenelo ndimaliona ngati ngongole.

Kuyeza puloti imodzi, kamalo kozungulira dontho lililonse, kumayenda chonchi. Mukafika pamene GPS yakulozerani mumakhoma chikhomo pakati. Mnyamata mmodzi amagwira chingwe pachikhomopo, wina amazungulira nacho, ndipo mtengo uliwonse umene uli m'kati mwa bwalolo umawerengedwa. Tepi imazungulira thunthu pa mamita 1.3 kuchokera pansi, ndipo pamalo otsetsereka mumaima kumtunda kwa mtengo. Tinali ndi ndodo yodula ndendende muyeso umenewo kuti wamtali ndi wamfupi aziyeza pamodzimodzi. Zitsa nazonso timaziwerenga: kukula kwake, ngati zinadulidwa ndi nkhwangwa kapena sowo, ngati zikuphuka, mphukira zingati, ndiponso ngati zapsa. Ambiri amadumpha zitsa chifukwa si mitengo, koma m'miombo chitsa chamoyo ndi nkhalango ya mawa. Kenaka timabowola dothi la pamwamba, masentimita 20, malo angapo m'pulotimo, kusakaniza m'beseni, n'kuika m'kathumba. Nambala ya puloti imalembedwa kawiri, kunja kwa thumba ndi pakapepala ka m'kati, ndi pensulo, chifukwa inki imafufutika ndi chinyezi. Mayina a mitengo ankatiuza ndi bambo wina wachikulire wosema mipini, amene ankadziwa mtengo ngakhale utayoyola masamba, pongokanda khungwa ndi kununkhiza. Umene tinkakayikira tinkathyola kanthambi, kukapanikiza m'manyuzipepala, n'kukafunsa ku National Herbarium ku Zomba, kumene amasunga zitsanzo za zomera.

Dontho lina linagwa m'manda. M'midzi yambiri ya kuno mitengo ikuluikulu yachilengedwe yatsala kumanda kokha, ndiye kungodumpha malo amenewo kukanapotoza chithunzi cha dera lonse. Komanso ine, mlendo ndiponso mayi, sindikanalowamo, makamaka kumene kuli dambwe. Tinakambirana ndi amfumu, ndipo anavomera kuti adzukulu awiri a m'mudzimo aphunzitsidwe kugwira tepi. Tinayeserera nawo pamitengo ya mango ya kusukulu mpaka miyeso yawo itafanana ndi yanga, kenaka analowa okha ine n'kudikira kumsewu. M'mudzi wina amfumu anakana, ndipo tinalemba m'buku kuti pulotiyo sinayezedwe ndi chifukwa chake. Kulemba choncho n'kofunika kuposa kusuntha dontho mwakachetechete kupita pamalo osavuta.

Titaphatikiza zonse, mapu anaonetsa chinthu chimene sichinali m'mapulani a bungwe limene linandituma. Iwo ankafuna kudzala mitengo pamwamba pa phiri, pamene aliyense amaona kuti pali mbee. Koma pamwambapo zitsa zambiri zinali zamoyo. Dothi lochuluka linkachokera malo ochepa kumunsi, pamene madzi amasonkhana: potulukira ngalande za msewu, m'tinjira ta ng'ombe topita kumtsinje, ndi m'malire a minda pamene mizere ya munthu uyu imathera n'kukhuthulira madzi mwa mnzake. Zigwembe zinkayambira pamenepo.

Tinasindikiza chithunzi cha setilaiti papepala lalikulu n'kupita nacho pabwalo. Ndimalangiza aliyense kuti azichita zimenezi, ndipo asayambe ndi kulankhula. Ingoyalani pansi, tsamiritsani miyala m'makona, dikirani. Anthu amayamba okha kupeza tchalitchi, mjigo, denga la malata la uje, kenaka munda wawo. Agogo ena aakazi anagwada n'kutsata ndi chala chigwembe chachikulu chimene ine ndinachijambula ndi mzere wofiira. Anati, "Apatu panali kamtsinje kale, ife tili atsikana tinkatungapo. Anakwirira n'kulimapo. Madzi saiwala khwawa, mwana wanga." Anatilozeranso malo ena awiri otere, amene pachithunzi ankaoneka ngati minda wamba. Titapitako tinapeza nthaka yayamba kale kung'ambika. Zithunzi za setilaiti ya Landsat zinayamba mu 1972, koma agogowo ankakumbukira zakale kuposa pamenepo, ndipo zimene ananena tinazilowetsa m'mapu ngati umboni wina uliwonse.

Pabwalo lomwelo panatulukanso nkhani ya eni minda. Mndandanda umene tinapatsidwa unali wa mayina a abambo. Koma m'midzi yambiri ya kuno munda umatsata kuchikazi, ndipo bambo ndi mkamwini. Mkamwini amazengereza kudzala mtengo wa zaka khumi pamalo amene angachokepo banja likatha, ndipo sangavomereze yekha kuti mzere wa vetiva udutse m'munda popanda mayi ndi mwini mbumba. Titayamba kukambirana ndi amayi ndi atsibweni a m'mabanjamo, ntchito inayenda. Anthu anagwirizana kuti akalozera azidulidwa motsata phiri lonse kuyambira kumtunda, osati munda ndi munda, chifukwa m'modzi wapakati akakana madzi onse amathyolera mwa wakumunsi. M'zigwembe anaika timipanda ta miyala ndi mitengo, n'kudzala vetiva ndi nsungwi. Pamwamba pa phiri sitinadzale kanthu. Komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi, imene lamulo la zankhalango la 1997 limaizindikira, inalambula njira zotchinga moto, n'kumapatulira mphukira kuti pachitsa pazitsala ziwiri kapena zitatu zamphamvu.

Pali zinthu ziwiri zimene ndimachenjeza aliyense amene wangophunzira GIS, luso lojambula ndi kusanthula mapu pakompyuta, chifukwa zikhoza kuvulaza anthu. Choyamba ndi malire. Mapu akale a dziko lino, kuphatikizapo a nkhalango zotetezedwa, anajambulidwa pa muyeso wa Arc 1950, pamene GPS ya m'foni mwanu imagwiritsa ntchito WGS 84. Mukaika manambala a muyeso wina pa unzake osatembenuza, malire amasuntha mamita mazana awiri kapena atatu. Pakompyuta ndi kampata kakang'ono. Pansi ndi minda ya mabanja angapo imene mwadzidzidzi yapezeka m'kati mwa nkhalango ya boma. Musasindikize mzere wa malire musanafufuze muyeso wake, musanapeze zipilala zake pansi, ndiponso musanafunse a ku Dipatimenti ya Surveys.

Chachiwiri ndi kukhulupirira setilaiti mopitirira muyeso. Zithunzi za Landsat zakhala zaulere kuyambira 2008, ndipo za Sentinel-2 zinayamba mu 2015. N'chuma chachikulu kwa ife amene tilibe ndalama. Koma kabokosi kamodzi mwa timabokosi timene timapanga chithunzi cha Landsat ndi mamita 30 mbali zonse, ndiye munda wa ekala imodzi ndi timabokosi tinayi kapena tisanu, ndipo m'kabokosi kamodzi mukhoza kukhala chimanga, mtengo wa mango ndi denga la nyumba. M'dzinja, pamene zonse zili zobiriwira, mitambo ndi nkhungu ya ku Dedza zimaphimba. M'chilimwe kumwamba kumayera, koma miombo imakhala itayoyola masamba ndipo udzu wapsa, ndiye nkhalango yamoyo imaoneka ngati chipululu, pamene paini ndi bulugamu zimaoneka zobiriwira bwino. Msangu nawo uli ndi khalidwe lake: umayoyola m'dzinja n'kuphuka m'chilimwe. Munthu amene sanayendepo m'malo amenewa akhoza kulemba lipoti lakuti nkhalango yachilengedwe yatha ndipo munda wa bulugamu ndiwo nkhalango yabwino.

Mapu amathanso kuloza chala munthu wolakwika. N'kosavuta kujambula mauvuni a makala n'kunena kuti owononga ndi awa. Koma mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo matumba amene amakwera njinga m'mamawa akupita m'tauni, kunyumba za anthu ngati ine. Ndikamajambula kumene mitengo ikutha ndimajambulanso misewu ndi misika imene ikuikoka.

Tsopano za kudya. Ntchito zilipo, koma zambiri ndi za makontirakiti a chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo pamakhala miyezi yokhala pakhomo. Zokhazikika zili m'boma, ku nthambi za zankhalango, zosamalira nthaka, zamapu ndi zanyama zakutchire, ku Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba, ndi m'mayunivesite. Malipiro ake si a munthu wofuna kulemera msanga. Ine ndaphunzitsa ana anga ndi kumanga nyumba ndi ntchito imeneyi, pophatikiza kuphunzitsa ndi maganyu a ukatswiri. Dziko lathu linalonjeza pansi pa AFR100, ndondomeko ya mayiko a mu Africa yokonzanso nkhalango ndi malo oguga, kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030, ndipo lonjezo lotere limafuna anthu odziwa kuyeza ngati zikuchitikadi. Odziwa kudina mabatani a GIS achuluka. Odziwa kusankha malo oyezera, kuwerengera chikayiko, ndi kusiyanitsa mtengo wa tsamba ndi wa mtondo ali m'tchire, ndi ochepa kwambiri, ndipo ndi amene amaitanidwa kachiwiri.

Simufunika kudikira sukulu yakunja kuti muyambe. QGIS, pulogalamu yojambulira mapu, ndi R n'zaulere ndipo zimayenda pa laputopu wamba. Tengani dera la mudzi wanu, jambulani mitsinje ndi minda, pezani zithunzi za zaka ziwiri zosiyana, kenaka pitani mukaone ndi maso ngati zimene kompyuta yanena n'zoona. Kantchito kamodzi kotere, komalizidwa bwino ndi kulembedwa momveka, kamalankhula kuposa masatifiketi a maphunziro a masiku atatu. Zithunzi zikuluzikulu muzikopera usiku pamene intaneti yatsika mtengo, ndipo deta yanu muziisunga malo atatu, chifukwa magetsi athu mukuwadziwa ndipo laputopu imabedwa. Phunzirani kulemba Chingerezi cha lipoti, komanso phunzirani kufotokoza zomwezo m'Chichewa pabwalo popanda liwu limodzi lachilendo. Chachiwirichi n'chovuta kuposa choyamba.

Mudzagwiranso ntchito ndi ofufuza ochokera kunja. Ambiri ndi anthu abwino ndipo ndaphunzira zambiri kwa iwo. Koma kambiranani poyamba, ntchito isanayambe, ndipo zilembedwe: dzina lanu lidzakhala pati m'zolemba zimene zidzatuluke, deta idzasungidwa kuti, ndipo inu mudzakhala ndi kope kapena ayi. Ndaona anzanga akuyenda miyezi m'mapiri kenaka n'kungothokozedwa m'kamzere kakumapeto. Ngati mwathandiza kukonza kafukufuku ndi kumasulira zotsatira, ndinu mlembi nawo. Inunso muzichita chimodzimodzi kwa amene ali pansi panu. Wosema mipini uja ndinkamulipira ngati katswiri, osati ngati wonyamula katundu.

Kwa atsikana: mudzamva kuti kutchire si kwa amayi. Achibale anga ena ankafunsa mayi anga chifukwa chake mwana wophunzira amabwera ndi nsapato zamatope m'malo mokhala mu ofesi. Musatsutsane nawo nthawi yaitali. Valani chitenje pamwamba pa thalauza mukamalowa m'mudzi, musapite kupuloti nokha, uzani amfumu kumene mukulowera ndi nthawi yobwerera, ndipo fufuzani amayi amene anayamba kale ntchitoyi. Alipo ku Bunda, ku Mzuzu ndi ku Zomba, ndipo ambiri amayankha mukawalembera.

Panopa nthawi yanga yambiri ikupita ku mapuloti okhazikika. M'dera la ku Ntcheu lija, ndi m'nkhalango zina za midzi kuno ku Dedza, tinakwirira tizitsulo pakati pa puloti iliyonse, pansi pa dothi kuti ana asazule, n'kulemba malo ake ndi mitengo itatu yozindikirira. Timabwerera pakatha zaka zisanu zilizonse kukayeza mitengo yomweyo ndi dothi la pamalo omwewo. Miombo imakula pang'onopang'ono, ndipo pulojekiti ya zaka zitatu imatha isanaone kusintha kwenikweni, n'chifukwa chake opereka ndalama sakonda kulipira ntchito yotere. Timaichita ndi zotsala za ntchito zina. Makope a mabuku a miyeso ali kwa ine, ku ofesi ya alangizi ndi kwa mlembi wa komiti ya mudzi uliwonse, ndipo m'mudzi uliwonse muli achinyamata awiri odziwa kupeza kachitsulo ndi kugwira tepi. Timayeza mu Meyi ndi Juni, mvula itasiya koma masamba asanayoyoke ndipo moto usanayambe, ndipo ulendo uliwonse ndimatenga ophunzira a m'makoleji amene ali pa tchuthi. Amene akufuna kubwera akhale ndi nsapato zolimba, juzi yochindikala chifukwa m'mawa wa m'mapiri amenewa si wamasewera, ndi pensulo.